Gadiyani naye aziphunzitsidwa wodwala asanatulutsidwe

Tsiku lomwe achimwene anga anatulutsidwa m'chipatala ulendo woyamba atadwala matenda a muubongo, amayi anafika pakhomo dzuwa litapendeka, atamanga timapepala tiwiri ta mapiritsi pansonga ya chitenje. Achimwene anali pambuyo pawo, akuyenda pang'onopang'ono, buku la kuchipatala lili m'thumba la malaya. Amayi anali atakhala nawo masiku 12 monga gadiyani, kugona pansi, kuphika kukhitchini ya magadiyani, kuwagwira mikono usiku akafuna kuthawa. Nditawafunsa kuti adokotala apeza chiyani, anati: "Angoti azimwa awa, ndiye tikapitenso mwezi wamawa. Awabayanso jakisoni." Ndinatsegula bukulo. Munali mizere inayi ya Chingerezi cholembedwa mothamanga, moti ngakhale ine amene ndinapitako kusukulu sindinatolepo kanthu.

Patangopita masiku awiri, khosi la achimwene linapindikira kumbali n'kuuma gwa. Maso anatembenukira kumwamba, lilime linatuluka, dovu chuchuchu pachifuwa. Amayi analira maliro a munthu wamoyo. Anthu anadzaza pakhonde, ndipo pasanathe ola mlandu unali utagamulidwa kale: izi si za kuchipatala, pali amene wachita, ndipo mankhwala achizunguwa akungoputa zinthuzo. Mapiritsi anatayidwa m'chimbudzi. Mbuzi ziwiri zinapita kwa sing'anga. Khosi lija linadzamasuka lokha, ulemu n'kupita kwa sing'angayo. Koma miyezi iwiri itatha achimwene anasiyanso kugona, anayambanso kuyankhana ndi anthu amene ife sitinkawaona, ndipo tinabwerera nawo kuchipatala kumbuyo kwa lole ya matola, titawamanga ndi chingwe cha khonje. Zipsera za chingwecho akadali nazo pamikono mpaka lero.

Ulendo wachiwiriwo kunali nesi wina amene anamva nkhani ya khosi ija n'kuitanira amayi pabenchi panja. "Amayi, khalani apa tikambirane. Zija munaonazo si ufiti ayi, ndi mankhwala omwewa. Anthu ena amawaumitsa khosi, makamaka anyamata, masiku oyamba. Pali kapiritsi kena kamene kamamasula. Zikadzachitikanso musadzataye mankhwala, mudzabwere naye tsiku lomwelo." Anawauza dzina la matendawo ndi tanthauzo lake m'Chichewa. Anawauza kuti mankhwalawo si a masabata awiri ngati a chifuwa wamba, ndi a nthawi yaitali. Anawafunsa kuti matenda akamayandikira, choyamba kusintha mwa mwana wawo n'chiyani, amayi n'kuyankha kuti ndi tulo. Kenako anatenga buku lija, natsegula tsamba lomaliza, n'kulemba zonsezi m'Chichewa ndi zilembo zikuluzikulu. Kucheza konseko sikunapitirire mphindi 20.

Mphindi 20 zimenezo zikanabwera ulendo woyamba, mbuzi zija zikanakhalapo, chingwe chija sichikanagwira munthu. N'chifukwa chake ndikunena mosabisa mawu kuti kuphunzitsa wodwala ndi gadiyani wake si chifundo choti nesi azichita akapeza mpata. Ndi gawo la chithandizo chenichenicho, chimodzimodzi jakisoni ndi piritsi. Munthu wodwala matenda a muubongo, kapena amene wagwidwa ndi mowa ndi chamba, akatulutsidwa iye ndi abale ake osadziwa chimene akudwala, chipatala chagwira theka la ntchito yake basi.

Tiyang'ane mmene zinthu zilili kwathu kuno. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda amenewa chili ku Zomba. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli zipatala za St John of God. M'zipatala za m'maboma muli anamwino ndi makiliniko ofesa amene anaphunzira za matenda a muubongo, koma ndi ochepa, ndipo nthawi zambiri amagwiranso ntchito za mawodi ena. Madokotala akuluakulu a matendawa m'dziko muno ndi owerengeka. Zikatero wodwala amakhala m'manja mwa akatswiri masabata ochepa, koma m'manja mwa amake, mkazi wake kapena mlongo wake amakhalamo zaka. Amene amaona ngati piritsi lamezedwa kapena labisidwa kunsi kwa lilime ndi gadiyani. Amene amadzuka 2 koloko usiku atamva chitseko chikutseguka ndi gadiyani. Amene amagamula kuti mawa tipite kuchipatala kapena kwa sing'anga kapena kuphiri kumapemphero ndi gadiyani yemweyo. Munthu ameneyu tamusenzetsa ntchito ya nesi, koma sitimuuza ngakhale dzina la chimene akusamalira.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ife Amalawi ntchito yophunzitsa odwala timaidziwa bwino. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004, munthu sankangopatsidwa botolo n'kuuzidwa kuti pita. Ankabwera ndi gadiyani wake, n'kukhala pamaphunziro a pagulu, kumva mmene kachilombo kamagwirira ntchito m'thupi, chifukwa chake mankhwala sadumphitsidwa, ndi zovuta zimene angaone akayamba kumwa. Anthu amene anali kale pamankhwala anayamba kuthandiza kulangiza anzawo atsopano. Lero agogo a kumudzi amene sanaponde m'kalasi amatha kukufotokozera za chitetezo cha m'thupi. Kusikelo nakonso amayi amaphunzitsidwa m'mawa uliwonse, mpaka kuimba nyimbo za kadyedwe ka mwana ndi katemera, asanayambe kukwezedwa. Odwala TB nawo amakhala ndi wowayang'anira pakamwedwe ka mankhwala. Nanga n'chifukwa chiyani zikafika pa matenda a mutu timangotseka pakamwa? Ndikuganiza kuti pansi pamtima ambirife, ndi ena ovala yunifomu omwe, timakhulupirira kuti munthu amene mutu wasokonekera sangamve kanthu, ndipo abale ake ndi anthu a zaufiti amene kuwauza n'kutaya nthawi. Maganizo awiri onsewa ndi olakwika.

Zoti aphunzitsidwezo si zozama zofuna digiri. Tiyambe ndi mankhwala, poti ndi pamene mabanja ambiri amagwera. Mankhwala amene amapezeka kawirikawiri m'zipatala zathu kwa munthu amene akumva mawu kapena kuona zinthu zimene palibe ndi monga chlorpromazine, haloperidol ndi jakisoni wa fluphenazine. Ndi mankhwala akale, amagwira ntchito, koma ali ndi zovuta zake zodziwika. Amatha kuumitsa thupi, munthu n'kumayenda ngati wamangidwa, mikono osagwedeza. Amatha kunjenjemeretsa manja, kutulutsa dovu, kugonetsa kwambiri, kapena kupangitsa munthu kulephera kukhala pansi, kumangoyendayenda ngati m'miyendo muli nyerere. Chlorpromazine amachititsanso chizungulire munthu akadzuka mofulumira, ndipo khungu limapsa msanga padzuwa, chinthu chofunika kuchidziwa kwa munthu amene amakhala kumunda tsiku lonse. Zambiri mwa izi zimachepa dokotala akasintha mlingo, akasintha mankhwala, kapena akawonjezera benzhexol, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Artane. Banja limene lauzidwa izi likaona dovu limabwerera kuchipatala. Banja limene silinauzidwe limati mankhwalawa akumupha mwana wathu, ndipo kunena zoona, malinga ndi zimene maso awo akuona, sitingawanene kuti ndi opusa.

Palinso za amuna zimene sizinenedwa n'komwe. Mankhwala ena amafooketsa mphamvu za m'nyumba. Bambo amene sanachenjezedwe sadzabwera kudzadandaula kwa nesi wamsinkhu wa mwana wake. Adzangosiya kumwa mwakachetechete, mkazi wake n'kudzadabwa matenda atabwerera. Mawu amodzi okha oti "zikatero mudzatiuze, pali chochita" akhoza kupulumutsa banja.

Matenda okhumudwa kwambiri, aja munthu amangokhala ndwii, osadya, osasamba, osaona chokhalira moyo, nawo ali ndi msampha wake. Mankhwala monga amitriptyline ndi fluoxetine sagwira ngati panado. Pamatenga masabata awiri kapena anayi, nthawi zina kuposerapo, kuti munthu ayambe kumva kusintha, pamene zovuta zake monga kuuma kukamwa ndi tulo zimabwera tsiku loyamba lomwe. Wosauzidwa amamwa masiku asanu n'kunena kuti sakuthandiza. Ndipo akayamba kupeza bwino amayenera kupitiriza kwa miyezi ingapo, osati kusiya pomwepo. Gadiyani ayeneranso kuuzidwa kuti munthu akamalankhula zofuna kudzipha si zoopseza chabe, kuti kumufunsa mwachindunji sikumuika maganizowo m'mutu, ndiponso kuti mankhwala a m'nyumba, a mbewu ndi a makoswe azisungidwa ndi munthu wina. Mayi wa msinkhu wobereka amene wapatsidwa sodium valproate ali ndi ufulu wodziwa kuti mankhwalawa amatha kuvulaza mwana m'mimba, kuti akambirane ndi dokotala asanatenge pakati. Izi si zinsinsi za madokotala. Ndi nkhani za moyo wa munthuyo.

Koma maphunziro si a mapiritsi okha. Pali nkhani ya mmene timalankhulira pakhomo, ndipo iyi inafufuzidwa kalekale. Ku London, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, wofufuza wina dzina lake George Brown anatsatira odwala amene anatulutsidwa m'zipatala za matenda a muubongo, n'kupeza chinthu chimene sankachiyembekezera: ena amene anabwerera kwa makolo kapena akazi awo ankadwalanso msanga kusiyana ndi amene anakakhala kwina. Atafufuza mozama, iye ndi anzake, ndipo pambuyo pake Christine Vaughn ndi Julian Leff m'chaka cha 1976, anaona kuti vuto silinali banja palokha, koma mpweya wa pakhomopo. M'nyumba mmene wodwala ankangodzudzulidwa, kunyozedwa, kapena kulondedwa mopitirira muyeso ngati khanda, pafupifupi theka la odwala ankadwalanso pasanathe miyezi 9, pamene m'nyumba za bata odwalanso anali ochepa kwambiri. M'zaka za m'ma 1980 anayesa kuphunzitsa mabanja otere za matendawa ndi mmene angakhalire ndi wodwala, ndipo kudwalanso kunachepa. N'chifukwa chake buku la malangizo a mhGAP limene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa m'chaka cha 2010, lolembedwera mayiko osowa akatswiri ngati lathu, limaika kuphunzitsa wodwala ndi omusamalira pakati pa zoyamba kuchita.

Ndikawerenga zimenezi ndimakumbukira mawu amene ine ndemwe ndinkawauza achimwene. "Dzukani inu, ulesi basi. Anzanu ali kudimba." Sindinkadziwa kuti kusowa mphamvu ndi chidwi ndi mbali ya matenda omwewo, ndipo kwina ndi mankhwala. Ndinkaganiza kuti ndikuwalimbikitsa, pamene ndinkawathira mchere pabala. Amayi nawo, chifukwa cha chikondi, sankawalola ngakhale kupita kuchigayo okha. Tonse awiri tinkafuna zabwino. Panalibe amene anatiuza kuti munthu wochira amafunika ntchito zing'onozing'ono zimene angakwanitse, mawu ochepa odekha, ndi kumusiyira mpata wopuma.

Ku mowa ndi chamba ndiye mdima ndi waukulu zedi, chifukwa kumeneko sitivomereza n'komwe kuti pali matenda. Timati ndi khalidwe, ndi kusamva, ndi kutayirira. Inde, botolo loyamba munthu amalitenga yekha. Koma amene wamwa kachasu tsiku ndi tsiku kwa zaka, ubongo wake umakhala utazolowera kugwira ntchito mowa uli m'magazi, ndipo ukachotsedwa mwadzidzidzi thupi limagalukira. Pakangopita maola angapo manja amayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, mtima kuthamanga, kusanza. Ena amakomoka n'kumaphupha ngati a khunyu. Pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka kotheratu, kuona njoka ndi tizilombo pakhoma, kusazindikira abale awo, ndipo apa munthu akhoza kufa. Si matsire amenewa. Tsono taganizani banja limene, chifukwa chotopa ndi chikondi chomwe, latsekera bambo m'chipinda kuti asiye mowa basi lero lomwe. Akuganiza kuti akumupulumutsa, osadziwa kuti akumuika pakamwa pa imfa. Kuchipatala munthu wotere amapatsidwa diazepam kwa masiku ochepa kuti thupi litsike pang'onopang'ono, ndi vitamini ya thiamine yoteteza ubongo. Mkazi aliyense amene mwamuna wake amadzuka m'mawa manja akunjenjemera mpaka atalawako anayenera kuidziwa nkhani imeneyi.

Ndipo akatuluka m'chipatala nkhondo imakhala itangoyamba kumene. Chibaba sichithera pageti. Chimadzuka munthu akalandira ndalama za fodya kapena za ganyu, akadutsa pamalo pamene ankamwera, akakhala pamaliro usiku anzake akupatsirana botolo, akakangana ndi mkazi wake. Banja losaphunzitsidwa limaona munthu atamwanso kamodzi n'kunena kuti ndalama zathu zapita pachabe, uyu sadzasintha, ndipo iye mwini, ndi manyazi, amangoti bola ndimalizitse. Banja lophunzitsidwa limadziwa kuti kuterereka kumachitika kwa ambiri amene pomaliza pake amadzasiyiratu, ndipo chofunika ndi kubwerera msanga kukalandira uphungu. Limadziwanso mbali ina yowawa: kuti kumulipirira ngongole za kumowa, kumunamizira kuntchito kuti wadwala malungo, kumubisira ana, zonsezi ngakhale zimaoneka ngati chikondi zimangotalikitsa matendawo. Kusiyanitsa kuthandiza munthu ndi kuthandiza mowa wake si nzeru yobadwa nayo. Imachita kuphunzitsidwa.

Za chamba ndingonena mwachidule. Kuyambira pamene lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala kwa amene ali ndi chilolezo, ndamva anyamata angapo akunena kuti boma lavomereza, ndiye kuti n'chabwino. Lamulolo silinalole kusuta. Ndipo si aliyense wosuta amene amasokonezeka mutu, n'zoona, ndipo tikamanama kuti aliyense amapenga anyamatawo amatiseka chifukwa akuona anzawo ali bwinobwino. Choona n'chakuti amene wayamba ali wamng'ono, amene amasuta kwambiri, ndi amene kumtundu kwawo kuli matenda a muubongo ali pachiopsezo chachikulu, ndipo amene wadwalapo kale akabwerera kuchamba matenda amabwerera msanga ngakhale akumwa mankhwala. Mnyamata ukamuuza zoona zokhazokha chonchi amamvetsera.

Ndikudziwa chimene ogwira ntchito m'zipatala anganene, ndipo sindikuchipeputsa. Nesi mmodzi, mzere wa anthu wafika panja, mphindi 20 azitenga kuti? Funso limeneli ndi lenileni. Koma nthawi imene sitinaipereke potulutsa wodwala timadzaipereka kangapo akabwerera atamangidwa zingwe: anthu anayi omugwira, majakisoni, bedi la masabata, mwina ndi galimoto yopita naye ku Zomba. Komanso sikuti zonse zichitike pa munthu mmodzimmodzi. Pa tsiku la kiliniki anthu amakhala pabenchi maola akudikira. Mmene amachitira kusikelo, theka la ola loyamba likhoza kukhala la phunziro la pagulu. Magadiyani a m'wodi akhoza kusonkhanitsidwa kawiri pasabata. Ndipo wophunzitsa sayenera kukhala dokotala nthawi zonse. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi a ku Harare kukhala pabenchi panja pa zipatala zing'onozing'ono n'kumacheza ndi anthu ovutika maganizo, ntchito imene imatchedwa Friendship Bench, ndipo kafukufuku amene anasindikizidwa m'chaka cha 2016 anaonetsa kuti anthuwo ankapezadi bwino. Agogowo sankagwiritsa mawu a m'mabuku; ankanena za kufungisisa, kumene kwathu kuno timati kuganiza kwambiri. Ife tili ndi alangizi a zaumoyo m'midzi monse. Tili ndi bungwe la odwala ndi owasamalira la MeHUCA, mmene muli anthu amene anadutsamo okha. Mayi amene mwana wake wakhala zaka zisanu osagonekedwanso akhoza kuphunzitsa gadiyani watsopano bwino kuposa buku lililonse.

Nkhani ya mawu ndi yaikulu kuposa mmene timaiganizira. M'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku tili ndi thumba limodzi lotchedwa misala, ndipo timaponyamo zonse: wa khunyu, mayi amene wasokonezeka ali m'chikuta, nkhalamba yoiwalaiwala, mnyamata wa chamba, munthu amene malungo amukwera kumutu. Awa ndi matenda osiyana, oyamba mosiyana, otha mosiyana. Ena amachira n'kusiya mankhwala, ena amakhala nawo moyo wonse monga mmene zilili ndi shuga kapena BP. Banja likangomva kuti misala, limamva kuti munthu watha, sadzakwatira, sadzagwira ntchito, ndipo limaleka kuyembekezera kanthu. Dokotala akanena dzina la Chingerezi lokha n'kusiyira pomwepo, banja limadzaza mpatawo ndi mawu omwe aja. Tikufunika anthu a zaumoyo, akatswiri a chiyankhulo ndi odwala eni ake akhale pansi apeze njira zofotokozera matenda aliwonse m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina, kuti nesi wa ku Nsanje ndi wa ku Mchinji azinena zofanana.

Ena amati n'kutaya nthawi chifukwa anthu athu amakhulupirira za ufiti ndi ziwanda, ndipo akatuluka adzapitabe kwa sing'anga kapena kwa abusa. Adzapitadi, ambiri ndithu. Koma cholinga cha maphunziro si kupambana mtsutso wa zaufiti. Nesi uja sanawafunse amayi kuti asiye zimene amakhulupirira. Anangowauza kuti, "Kupemphera pempherani, koma mankhwala asadumphe, ndipo aliyense amene angakuuzeni kuti mutaye mapiritsi kapena kuti mwanayu amangidwe ndi kusala kudya masiku, ameneyo musamumvere." Mawu amenewo amayi anawalandira chifukwa sanawachititse manyazi. Akanawakalipira kuti ndinu osaphunzira, bwenzi atangovomera ndi mutu n'kukachita zawo. Anthu sathamangira kwa sing'anga chifukwa cha umbuli wokha. Amapitako chifukwa sing'anga amakhala nawo pansi, amawamvetsera, ndipo amawapatsa yankho la funso limene likuwadya: n'chifukwa chiyani zachitikira mwana wanga? Chipatala chikakhala chete pa funso limenelo, chasiyira bwalo munthu wina. Ndipo abusa ndi mashehe ambiri ndi anthu omva. Ataitanidwa ku maphunziro omwewa akhoza kukhala oyamba kutumiza odwala kuchipatala.

Pali chenjezo limodzi limene ndikuligwirizana nalo ndi mtima wonse. Pophunzitsa banja tisamulambalale wodwalayo. Zimachitika kawirikawiri kuti dokotala amalankhula ndi gadiyani, mwini matenda ali pompo ngati thumba la chimanga. Munthu ameneyu ndi wamkulu, ali ndi ufulu wosungiridwa chinsinsi, ndipo akayamba kupeza bwino ndi iye amene ayenera kunena kuti pa abale anga uzani uyu, uyo ayi. Si banja lililonse lili malo a mtendere; kwina amene wabwera ngati gadiyani ndi yemweyo amene amamenya, kapena amene akuyang'ana munda ndi nyumba za wodwalayo. Choncho woyamba kuphunzitsidwa ndi mwini wake, pa nthawi imene mutu wakhazikika, ndipo osati kamodzi kokha, chifukwa zimene munthu wauzidwa ali pakati pa matenda zambiri zimauluka. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Achimwene anga amadziwa matenda akamabwera masiku angapo ife tisanaone kanthu: amati wailesi imayamba kumveka ngati ikunena za iwo. Zimenezi palibe dokotala akanazidziwa popanda kuwafunsa. Maphunziro abwino amayenda mbali ziwiri, wachipatala kunena zimene akudziwa za matenda, wodwala kunena zimene akudziwa za thupi lake.

Sindikunena kuti kudziwa kumachiritsa zonse. Pali miyezi imene umafika pawindo la mankhwala n'kuuzidwa kuti atha, kagulani. Pali mabanja amene ndalama ya minibasi yopitira kukiliniki mwezi ndi mwezi ndi yomweyo ya ufa. Maphunziro sangalowe m'malo mwa mankhwala osowa, ndipo boma lisabisale kumbuyo kwake. Koma ngakhale pamenepo, banja lodziwa limachita mosiyana. Limapita kukatenga mankhwala kukadali masiku, limadziwa dzina la mankhwala n'kutha kufunsa kuchipatala china, limadziwa kufunsa ngati pali ena olowa m'malo, ndipo likasonkhana ndi mabanja anzake limatha kupita kwa akuluakulu a zaumoyo paboma kukafunsa kuti mankhwala athu ali kuti. Odwala HIV anamveka chifukwa anadziwa matenda awo n'kuyamba kulankhula. Odwala matenda a muubongo akhala chete nthawi yaitali, mwa zina chifukwa sanauzidwe ngakhale chimene angapemphe.

Pempho langa kwa Unduna wa Zaumoyo ndi masukulu amene amaphunzitsa anamwino ndi madokotala, monga yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS) ndi sukulu ya St John of God ku Mzuzu, ndi laling'ono poyerekeza ndi kumanga chipatala. Likhale lamulo la ntchito kuti wodwala matenda a muubongo kapena wa mowa ndi mankhwala ozunguza bongo asatulutsidwe iye ndi gadiyani amene wamusankha asanakhale pansi ndi wachipatala, ndipo zilembedwe m'buku kuti zachitika, monga mmene amalembera kuti jakisoni wabayidwa. Ophunzira aziyesedwa mayeso pa luso lofotokoza matenda m'chilankhulo cha wodwala, osati pa mayina a mankhwala okha. Ndipo pakhale tsamba losindikizidwa m'Chichewa ndi zilankhulo zina, loti lizimatidwa m'buku la kuchipatala, nesi n'kungodzaza mipata.

Tsamba limene ndikunenalo ndinaliona kale, lolembedwa pamanja. Buku la achimwene lija linadzaza, anagula lina, nalonso linadzaza, koma tsamba lomaliza la buku loyambalo amayi analing'amba bwinobwino n'kulisunga m'Baibulo mwawo. Lili ndi mizere isanu ndi umodzi. Dzina la matenda. Dzina la mankhwala ndi nthawi yomwera. Khosi likauma kapena dovu likamatuluka, bwerani tsiku lomwelo, musataye mankhwala. Akapanda kugona masiku awiri, bwerani, musadikire tsiku la kiliniki. Mowa ndi chamba ayi. Musamumange. Nesi amene analemba zimenezi anasamutsidwira kwina chaka chotsatira, ndipo nthawi zonse ndikaperekeza achimwene kukiliniki ndimayang'ana magadiyani atsopano pabenchi, timapepala ta mapiritsi tili m'manja, n'kumadzifunsa kuti mwa iwowa ndi angati amene apeza munthu wowaitana kuti khalani apa tikambirane.